Mawu a Che Twaibu Ankatha Madzulo

Dzulo tinachita sadaka ya amalume anga, Che Twaibu, poti chaka chakwana chimwalirireni. Mpunga unaphikidwa, mbuzi inagwa, ashehe anatsogolera mapemphero, anthu anadya. Pocheza pansi pa mtengo wa mango aliyense ankakumbukira mawu awo: kuti kwa zaka zoposa makumi atatu ndiwo ankatiitanira ku swala, mapemphero athu a ku mzikiti, ndiponso kuti kukakhala bata mawuwo ankawoloka dambo n'kukamveka ku msewu wa ku Zomba. Palibe amene anatchulapo za chaka chija tinawatsitsa pa chulu chawo n'kuwatcha chidakwa. Ine ndinali kuseri ndi amayi anzanga, tikutsuka mbale. Mawu oyamba a bodza limenelo anatuluka pakamwa panga, ndipo yankho la amalume pa mlandu wangawo sindinalimve mpaka lero.

Ndikawakumbukira, chimene chimabwera msanga si mawu ayi, koma chala. M'zaka zawo zomaliza, ukawapeza madzulo pakhonde, zikope zinkakhala zitagwa ngati za munthu wogona. Ukawapatsa moni ankakweza chala chamkombaphala, n'kutukula chikope cha kumanja, n'kukuyang'ana ndi diso limodzilo, lowala bwinobwino. Akakuzindikira ankachisiya chikopecho kuti chigwenso. Ana ankaseka, iwonso ankaseka nawo, amvekere akusunga maso kuti asathe msanga.

Anali alongo awo a mayi anga, munthu wamfupi, wa miyendo yowonda koma chifuwa chachikulu ngati chobwereka. Ntchito yawo inali yokhoma malata. Masiku a msika ankatsetsereka pa njinga kupita pa Namadzi atamangirira ndowa, mbaula ndi zitini zothirira kudimba, zonse zikulira kumbuyo, moti tinkadziwa kuti akudutsa tisanawaone. Koma ukawafunsa ntchito yawo sankatchula malata. Ankati iwo ndi muazini, woitanira anthu ku swala, zinazo n'zopezera ndiwo basi.

Mzikiti wathu ndi waung'ono, ulibe nsanja. Pambali pake pali chulu chakale, ndipo amalume anasemapo masitepe anayi ndi khasu. Pamenepo ndi pomwe ankaima kasanu pa tsiku, zala m'makutu, nkhope kumpoto, n'kuitana azana, mfuu yoitanira ku swala. Wotchi sankaifuna. Anazika kamtengo pabwalo n'kumawerenga chithunzithunzi chake, ndipo mafoni atabwera anadana nawo onse. Ankati foni imauzidwa nthawi ndi anthu amene sanalionepo phiri la Chiradzulu, nanga angadziwe bwanji pamene dzuwa lathu lafika. Koma kukachita chiperoni, dzuwa osaoneka, ankabwera kwathu ngati akufuna kubwereka chikwanje, n'kufunsa amuna anga mopanda chidwi kuti kachitsulo kawo kaja kakunama kuti ndi nthawi yanji. Chikwanjecho ankachiiwala.

Sanali munthu wofewa ayi. Wochedwa ku swala ankamukumbutsa pagulu, ndipo wobweza ndowa kuti ikudontha ankayamba wamufunsa kuti amaikhazika pa miyala yanji. Mkangano wawo waukulu unali wa chimkuzamawu. Achinyamata a mumzikiti ankafuna chigulidwe, monga zilili m'mizikiti ya pa Namadzi, koma amalume anakana zaka ndi zaka. Ankati iwo malata amawadziwa kuposa aliyense m'mudzimo: ndi abwino kutungira madzi, osati kuitanira munthu kwa Mulungu. Ndi mayi anga ankakangana za mbuzi zawo, zimene zinkadya nandolo wathu chaka chilichonse. Ankayamba m'Chinyanja, zikafika povuta n'kulowa m'Chiyao, kenaka madzulo ake mayi ankawatumizira ndiwo.

Matendawo analowa mwakachetechete. Choyamba inali nyundo: ikamakwana thuu koloko masana dzanja linkakana kuikweza, ndowa n'kutsala yosamaliza. Kenaka nsagwada. Nyama anaisiya, amvekere mbuzi za masiku ano n'zolimba dala. Kenaka zikope. Koma m'mawa uliwonse ankadzuka ali gwa, azana ya mbandakucha n'kumveka monga kale, ndiye palibe amene anaganiza za matenda, ngakhale iwo eni ake. Wodwala sachira m'mawa uliwonse n'kudwalanso masana aliwonse. Ife tinkadziwa mtundu umodzi wokha wa anthu amene amakhala bwinobwino m'mawa n'kumalephera kulankhula madzulo.

Panjira yochokera pa Namadzi kukwera kumudzi kwathu, pakatikati pa chitunda, pali nyumba ya mayi Aginesi. Ndi Alomwe, Akatolika, amasiye, ndipo amatcheza kachasu kuseri kwa nyumba yawo, aliyense amadziwa. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinkachokera kumsika komwe ndimagulitsa tomato. Ndinaona njinga ya amalume itatsamira pa mpanda wa mayi Aginesi. Kenaka anatulukira eni ake kuchokera kuseri, nkhope yonyowa, mutu atauponya chagada, diso limodzi lotseka, akuponda mosatsimikiza.

"Mwaswera bwanji, amalume?"

Anayankha, koma mawuwo anatulukira m'mphuno, ophwanyika, lilime lolemera. Ndinangomvapo dzina langa lokha, Asiyatu, nalonso lopindika.

Madzulo amenewo, tikusankha nandolo pa lichero, ndinati kwa mayi, "Amayi, alongo anu aja ayamba kulawa za kwa Aginesi kapena?" Ndinanena moseka. Ndinkafuna kuti mayi aseke, poti dzulo lake anali atakangana nawo za mbuzi. Mayi sanaseke. M'mawa mwake anakapempha bambo wina wachikulire wa pachibale kuti akawalangize mwamseri, bamboyo anauza akazi awo, ndipo pofika pa swala ya Lachisanu anthu ankawapatsa moni amalume akusendera pafupi kuti amve fungo.

Patapita masabata awiri, pa azana ya cha m'ma folo koloko, mawu anawathera pakati. Ndinali pabwalo ndikuyanika ufa. Anayamba bwino, mzere woyamba, wachiwiri. Wachitatu unalowa m'mphuno. Wachinayi sanalinso mawu, kunali kubuula kwa munthu wogwidwa pakhosi. Kenaka zii. Anatsika pa chulu chokhala pansi, sitepe ndi sitepe, anthu akuona.

Akuluakulu a mzikiti anawaitana tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Ine sindinaliko, anandifotokozera ndi amuna anga. Akanawaitana m'mawa bwenzi nkhani yonse itathera pomwepo, poti amalume m'mawa ankatha kugonjetsa bwalo lathunthu ndi pakamwa. Koma milandu kwathu imakambidwa anthu ataweruka ku ntchito zawo. Amalume anayamba kudziteteza momveka, kuti mowa sanaulawepo chibadwire, kuti kwa Aginesi amangopumirako. Asanafike patali lilime linayamba kukana. Mmodzi mwa akuluakuluwo anawafunsa chimene chimawavuta ngati si mowa.

"Lilime limatopa," anatero amalume.

Ena anaseka. Ndani anamvapo za lilime lotopa? Amalume anayesa kumwetulira kuti aseke nawo, koma milomo inakana kukwera m'mbali, inangoonetsa mano, nkhope n'kuoneka ngati ya munthu amene akunyogodola akuluakulu. Nkhani inathera pomwepo. Anawauza kuti ayambe apuma. Mwezi usanathe chimkuzamawu chinapachikidwa padenga la mzikiti, ndi sola yake.

Mayi Aginesi atamva anakwera chitunda kudzawaikira umboni. Anaima kumapeto kwa bwalo la mzikiti, chitenje atamanga m'chiuno.

"Bambo awa sanagulepo ngakhale kapu kwa ine," anatero. "Amafika atatheratu. Ndimawakhazika pamthunzi, ndimanyowetsa kansanza m'madzi a mumtsuko n'kuwaika pamaso. Akakhala pang'ono maso amatseguka, basi amanyamuka kuti akaitane anthu anuwa. Mlandu wake uli pati pamenepo?"

Anthu anamvetsera mwaulemu. Mayiwo atachoka, anthuwo anati nanga wogulitsa akananena kuti chiyani.

Chaka chimenecho amalume sanasiye kupita ku mzikiti. Ankafika oyamba, n'kukhala pamzere wakumbuyo, pafupi ndi nsapato. Mbandakucha ankadzuka nthawi yawo yomwe ija n'kukaima pakhomo pa nyumba yawo, milomo ikuyenda popanda mawu, lata la chimkuzamawu lija likuitana padenga la mzikiti. Anandiuza zimenezi ndi akazi awo. Ine ndinkawazemba. Ndikamva ndowa zikulira kunjira ndinkalowa m'nyumba, ndipo kumsika akabwera kudzagula tomato pa benchi langa ndinkawaikira wambiri dala kuti achoke msanga.

Kuchipatala ankapita. Anapita kanayi, ndipo kanayi konse anapita monga timapitira tonse, m'mamawa, kuti akakhale kutsogolo kwa mzere. Ankalowa kwa adokotala maso ali otseguka, mawu omveka, dzanja lamphamvu. Ankawayeza malungo, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, osapeza kanthu. Ulendo wachisanu tayala la njinga linaphulika panjira, anafika mochedwa, n'kulowa cha m'ma fili koloko. Adokotala a tsikulo anawauza kuti ayang'ane kudenga osaphethira. Chikope chinatsika chokha iwo akuona. Anawauza kuti awerenge mokweza kuyambira wani. Asanafike pa fote mawu anali atalowa m'mphuno. Anawalembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Blantyre.

Ndine ndinawaperekeza. Achibale anandiyamikira kuti ndine mwana wachifundo, ndipo kuyamikako ndinakulandira. Kumeneko dokotala wina wamkazi, wamng'ono kwa ine, anatenga ayezi n'kuwaika pachikope kwa mphindi zingapo. Diso linatseguka. Amalume anati nzeru imeneyo Aginesi anali nayo kale, ya kansanza konyowa.

Dokotalayo anajambula papepala kuti timvetse. Anati mnofu sudzikoka wokha, umadikira uthenga wochokera ku ubongo, wodzera mu mtsempha wa uthenga. Koma mtsemphawo sugundana ndi mnofu. Pakati pake pali kampata kosaoneka ndi maso. Uthenga ukafika kumapeto, mtsempha umatulutsa timadzi tina timene timawoloka kampatako n'kukagwera pa timalo tolandirira, ndiye mnofu umakokeka. Mwa amalume, chitetezo cha m'thupi chinasokonezeka n'kuyamba kutseka ndi kuwononga timalo tolandirirato, ngati kuti ndi matenda, moti totsalato n'tochepa. Munthu akapuma, uthenga umamveka. Akabwereza kasanu, kakhumi, timadzi tija timachepa, mnofu n'kusiya kuyankha. Kutentha kumakulitsa vutolo, kuzizira kumalichepetsa. Anatchula dzina la matendawo, mayasitiniya, n'kunena kuti satheratu, koma alipo mapiritsi amene amachedwetsa timadzito kuphwanyika kuti tipeze nthawi yokagogoda.

Amalume anayang'ana pepalalo nthawi yayitali.

"Ndiye kuti woitana alipo, akuitana ndithu," anatero, "koma m'nyumbamo makomo atsekedwa."

"Eya, bambo. Woitana alibe mlandu."

Mu minibasi pobwerera anabwereza mawu a dokotalawo kawiri, motsitsa, akuyang'ana pawindo. Apo ndi pamene ndikanawauza za nthabwala yanga ija. Tinatsika pa Namadzi ndisanatsegule pakamwa.

Kabuku kawo ka kuchipatala anakana kukakaonetsa kwa akuluakulu. Ankati munthu amene wamva mawu awo zaka makumi atatu n'kumafunabe pepala, akhale nacho chikayiko chakecho. Amuna anga ndiwo anakatenga mobisa n'kukawawerengera ashehe. Akuluakulu anabwera kunyumba kudzapepesa, ndipo ulendo uno anabwera m'mawa. Amalume anawalankhula ola lathunthu, osapumira, osatukwana, n'kumaliza ndi kuwapatsa tiyi. Atawapempha kuti abwerere, anavomera azana imodzi yokha, ya mbandakucha. Anati aziimira pa chulu pomwe paja, lata lija lizigwira ntchito masana poti silitopa.

Anaitana choncho pafupifupi zaka ziwiri. Mapiritsi ankasunga m'kachitini kamene anadzikhomera okha, ka chivundikiro chothina moti madzulo ankachita kupempha akazi awo kuti awatsegulire. Mawu sanabwerere onse, ku msewu sankafikanso. Koma kwa mayi Aginesi ankafika, ndipo mayiwo ankati ngakhale si Asilamu amadzukira mawu amenewo popita kudimba, poti belu la ku tchalitchi kwawo lili kutali. Amalume sanafunsepo kuti nkhani ija anayambitsa ndani.

Chimene chinkandidya kwambiri chinali kukumbukira za kubadwa kwa Halima, mwana wanga woyamba. Atabadwa, matenda a amalume asanayambe, iwo anabwera kudzamunong'oneza azana m'khutu monga mwa mwambo wathu. Munthu amene mawu ake ankadzutsa midzi itatu anawerama pa kakhanda ka masiku awiri, n'kutsitsa mawu mpaka ine amene ndinakafukata sindinamve kanthu, ndinangoona ndevu zikuyenda. Atatha anandiuza kuti mwanayo wamva, ndisadandaule. Munthu ameneyo ndi amene ndinamugwetsa ndi nthabwala imodzi pa lichero la nandolo.

Ndinawauza mu Juni chaka chatha. Ndinapita madzulo, ndipo ndisaname, ndinasankha dala. Ndinkadziwa kuti nthawi imeneyo lilime limakhala litagwa, ndiye ndikalankhula ndekha, iwo akangogwedeza mutu, ine n'kunyamuka wopepuka. Ndinawapeza pakhonde atafunda bulangete, zikope zili pansi. Ndinagwada chapatali.

"Amalume, nkhani ija ya kwa Aginesi ndinayambitsa ndine. Ndinakuonani mukutuluka, ndiye ndinakauza amayi moseka. Sindinakufunseni. Mundikhululukire."

Chala chinakwera, chikope chinatukuka. Anandiyang'ana nthawi yayitali, diso losakwiya komanso losaseka. Milomo inayesa, mawu anatulukira m'mphuno, ndipo ndinachita kusendera kuti ndimve.

"Ubwere m'mawa."

"Nenani pompano, amalume, ndikumva."

"M'mawa, Asiyatu. Pano sindingathe." Chikope chinagwa.

M'mawa mwake linali tsiku la msika, tomato anali atapsa. Tsiku linalo ndinati ndichape kaye. Tsiku lachitatu ndinafika mpaka pa mpanda wawo, ndinamva akulankhula ndi akazi awo, mawu ali gwa, omveka ngati kale, ndipo miyendo yanga inabwerera yokha. Ndinkawaopa mawu a m'mawa. Ndinkadziwa kuti ali ndi mphamvu yonena chilichonse, ndipo sindinkadziwa kuti anena chiti.

Tsiku lachinayi azana ya mbandakucha inatuluka m'lata. Amalume anali atadzuka ndi chimfine, chimfine wamba cha nyengo yozizira. Koma dokotala uja anali atatichenjeza kuti mpweya nawonso umakokedwa ndi minofu, ndipo matenda ena akalowa minofu imeneyo imatha kusiya kuyankha. Pofika masana ankapumira m'mwamba, osatha kukhosomola, osatha kumeza malovu. Tinathamangira nawo kuchipatala. Ndinakhala pambali pa bedi masiku awiri, m'mawa ndi madzulo omwe, koma m'mawa munalibenso mawu. Tsiku lachiwirilo ndinawatukula chikope ndi chala changa kuti andione. Anandiona. Anamwalira dzuwa likulowa.

Akazi awo amati anandikhululukira kalekale, poti sanali munthu wosunga zinthu. Mayi anga amati ndisiye kudzizunza, mlandu ngwathu tonse. Mayi Aginesi, amene dzulo anabwera ndi mtolo wa nkhuni kudzathandiza kuphika, anasendera pafupi nane tikutsuka mbale.

"Ankadziwa chiyambire," anatero motsitsa. "Tsiku lija panjira panalibe wina koma iwe. Anandiletsa kuti ndisakuuze." Anatsukuluza mbale, n'kuonjezera, "Masiku ano ndimachedwa kudimba. Lata lija silindidzutsa ayi."

Ndiye kuti zaka zonse zija ankandipatsa moni, n'kumagula tomato wanga, n'kukwera nane minibasi, akudziwa. Zimenezi sizinandipepukitse. Zangondionjezera njala yofuna kumva chimene anandisungira m'mawa uja, kaya kunali kukalipa, kaya kuseka. Ndikanalandira chilichonse, bola chituluke ndi mawu awo. Ndimawasowa amalume, ndipo ndimawasowa kwambiri nthawi imene tambala akulira kachiwiri.

Lero ndinalawirira. Chimkuzamawu chinaitana, mawu a bambo wina wabwino ndithu amene salakwitsa. Nditaswali ndinafunda nsalu n'kupita pa chulu. Pa masitepe anayi aja mvula yadya awiri. Pamwamba, pamene mapazi awo anasalaza, pali udzu wouma, ndipo mbuzi ya wina inali itagona cham'mbali. Kamtengo ka chithunzithunzi kalipobe, chiswe chakayamba kumunsi, palibe amene amakawerenga. Kunali bata, nthawi yeniyeni imene mawu awo ankakhala ndi mphamvu zonse. Ndinanena motsitsa kuti ndabwera m'mawa, amalume, kenaka ndinadikira mpaka dzuwa linatuluka. Kumunsi kwa chitunda mayi Aginesi anali asanatsegule chitseko.